Kusanthula mfundo zazikulu za m'mabuku: mafunso ndi mayankho kwa ophunzira a ku Mulanje

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera chaka ndi chaka kuchokera kwa ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, a sukulu zoyendera ndi zogonera komweko, kuyambira ku Nkando mpaka ku Muloza. Limodzi ndi la makolo. Amachuluka mayeso a moko akamayandikira. Mabuku a pa silabasi amasintha pakapita zaka, choncho funsani aphunzitsi anu kuti a chaka chanu ndi ati. Zitsanzo zambiri ndazitenga mu Macbeth, The Pearl ndi Nthondo, koma kasanthulidwe kake n'kamodzimodzi pa buku lililonse.

Kodi mfundo yaikulu ya m'buku ndi chiyani kwenikweni?

Ndi chimene bukulo likunena pa za moyo wa anthu, kudzera m'zimene zikuchitikira atengambali ake. Mlembi sachilemba poyera. Amakuonetsani munthu, zimene akufuna, zimene akuchita kuti azipeze, ndi kumene zamufikitsa. Inu owerenga ndi amene mumati, "Apa tikuona kuti…"

Pa bolodi timakonda kulemba liwu limodzi: dyera, chikondi, umphawi, nsanje. Pokumbukira n'zothandiza, koma liwu limodzi silinanenebe kanthu. Dyera lachita chiyani? Latani ndi ndani? Mukalitambasula n'kukhala chiganizo chathunthu, monga "dyera la ogula limachititsa kuti chuma cha mmphawi chisanduke tsoka lake," ndiye kuti mwapeza chinthu choti muchiikire umboni. Woyesa amapereka malikisi pa umboniwo.

Nanga ikusiyana bwanji ndi phunziro la m'nkhani?

Phunziro ndi langizo: tisamabe, tizimvera makolo, tisamakhulupirire olosera. Tinazolowera ku pulayimale ndi m'nthano za agogo, pomwe nkhani ikatha pamabwera funso lakuti tikuphunzirapo chiyani. Mfundo yaikulu sikulangiza munthu, ikungoonetsa mmene zinthu zimayendera, ngakhale zowawa zopanda yankho. Funso likati "perekani maphunziro," lembani malangizowo. Likati "fotokozani mfundo," musayambe ndi "tisama-" kapena "tiyenera."

Aphunzitsi, ndinalemba masamba atatu athunthu koma malikisi anali ochepa. Chinalakwika n'chiyani?

Mosakayika munafotokoza nkhani yonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Ili ndiye vuto lofala kuposa onse, ndipo limagwira makamaka ana akhama amene bukulo analiwerengadi. Amafuna kuonetsa kuti akulidziwa, ndiye amayamba: kunali munthu wakuti, anakwatira wakuti, tsiku lina anapita kwakuti. Woyesayo bukulo akulidziwa kale. Chimene akufuna kuona n'chakuti mungathe kusankha zochitika zitatu kapena zinayi zoyenera funsolo, n'kunena chimene chilichonse chikutsimikiza.

Dziyeseni motere. Tengani chimangirizo chanu, mudule mzere pansi pa "kenako" ndi "zitatero" aliyense. Ngati mizereyo yadzaza tsamba, munalemba tsatanetsatane wa nkhani. M'chimangirizo chosanthula mumachuluka mawu ngati "izi zikuonetsa kuti," "chifukwa chake," "apa mlembi akufuna tione."

Ndingaipeze bwanji mfundo yaikulu ndekha, popanda manotsi?

Yambani ndi mtengambali wamkulu: akufuna chiyani, ndipo akumutchinga ndani? Kenako onani zimene zikubwerezedwabwerezedwa, kaya ndi chinthu, mawu kapena mchitidwe. Pomaliza yerekezani mmene munthuyo analili pachiyambi ndi mmene alili pamapeto. Koma chofunika kuposa zonsezi n'kuwerenga malo amodzi mofatsa, osathamanga.

Tiyeni titenge malo amodzi mu The Pearl, buku limene John Steinbeck wa ku America anatulutsa mu 1947. Kino, msodzi wosauka wa m'mbali mwa nyanja ku La Paz m'dziko la Mexico, wapeza ngale yaikulu ndipo wapita nayo m'tauni kukagulitsa, mudzi wonse uli pambuyo pake. Wogula woyamba wakhala pa tebulo, nkhope yachifundo, koma kuseri kwa tebulolo dzanja lake likuseweretsa ndalama yachitsulo pa zala. Kino atatulutsa ngale ija, nkhope ya wogulayo sinasinthe ngakhale pang'ono, koma ndalama ija inapulumuka m'zala n'kugwa. Pakamwa pake pakutuluka mawu akuti ngaleyo yakulitsa, palibe angaigule, ndipo akupereka mapeso 1,000. Kino akuti ndi ya 50,000. Aitanidwa ogula ena kuti nawo aione, ndipo mmodzi akutchula 500. Kino atanyamula ngale yake kuti azipita, woyamba uja akukweza msanga kufika 1,500.

Wothamanga angonena kuti ogula anapereka mtengo wochepa. Wofatsa afunsa: ndalama ija inagweranji? Inagwa chifukwa dzanja linaulula zimene nkhope inabisa. Munthuyo anadziwa nthawi yomweyo kuti ngaleyo ndi yamtengo wapatali. Nanga anakwezeranji mtengo wa chinthu chimene amati n'chopanda ntchito? Ndiye kumbukiraninso kuti mlembi anatiuza kale kuti ogula onsewo ndi antchito a bwana mmodzi, kusiyana maofesi n'kongophimba anthu m'maso. Aliyense amene anasenzapo thumba la nandolo kupita nalo pamsika, n'kupeza mavenda onse akutchula mtengo umodzi ngati anapangana usiku, masikelo awo akuwerenga mofanana, sakufunika kumuuza zambiri apa. Mfundo yatuluka yokha: mmphawi amaberedwa ndi anthu ogwirizana amene akudziwa kuti alibe kwina kopita.

Mwaona kuti sitinayambe ndi mndandanda wa mfundo n'kumasaka pozimata. Tayamba ndi ndalama imene yagwa.

Buku limodzi limakhala ndi mfundo zazikulu zingati?

Palibe chiwerengero choikika. Buku lalitali kapena chisudzo chimakhala ndi zingapo zolukanalukana, pamene ndakatulo yaifupi ikhoza kukhala ndi imodzi kapena ziwiri. Kudziwa zinayi mozama, iliyonse ndi umboni wake, kumapindulitsa kuposa kuloweza khumi ndi ziwiri zopanda chochitika n'chimodzi chomwe.

Mabuku a azungu akalekale akutikhudza bwanji ife ana a kuno kumatiyi?

Funso ili limafunsidwa mokwiya, ndipo mkwiyowo ndimaumvetsa. Chingerezi cha Shakespeare n'chovuta ngakhale kwa ana a ku London. Ndiponso n'zoona kuti tikufunika mabuku ambiri olembedwa ndi anthu athu. Koma kunena kuti nkhanizo sizikutikhudza, pamenepo ndiye ndimakana.

Chisudzo cha Shakespeare cha Macbeth chinalembedwa cha m'ma 1606, ndipo nkhani yake ikuchitikira ku Scotland, dziko lomwelo kumene kunachokera amishoni amene anayambitsa Blantyre Mission mu 1876 ndiponso Mulanje Mission. Phata lake ndi mkangano wa ufumu. Mfumu Duncan yatchula mwana wake Malcolm kuti ndiye adzalowe, pamene Macbeth, msilikali amene wangopulumutsa dziko ku nkhondo, akuona kuti mpandowo ungamuyenere iye. Ndani kuno sanamvepo za banja logawanika chifukwa cha ufumu, mlandu mpaka kukafika kwa a DC kapena kukhoti?

Za Kino ndiye musanene. Makolo ake analandidwa dziko ndi atsamunda ochokera ku Spain, ndipo patapita zaka pafupifupi 400 mdzukulu wawo akuimabe pageti la dokotala atavula chipewa. Kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1890, boma la Harry Johnston linapereka kwa azungu zikalata zotsimikiza umwini wa malo akuluakulu m'mapiri a Shire. Alhomwe ambiri amene anawoloka kuchokera ku Mozambique anakhala pa malo amenewo mwa thangata, kulipira pokhala ndi thukuta lawo. Nkhanza za pa esiteti ya ku Magomero zinali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira mu 1915, ndipo mu 1953 ku Thyolo kunabukanso zipolowe zokhudza malo ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mwana amene amadutsa m'minda ya tiyi yobiriwira mpaka kumene maso alekeza, popita kusukulu kuchokera pa kamunda ka makolo ake kosakwana ekala, ali ndi maso owerengera buku limeneli kuposa ana ambiri a m'tauni.

Ndiye kuti ndingathe kulemba zitsanzo za kumudzi kwathu pa mayeso?

Ayi. Za kumudzi zikuthandizeni kumvetsa, koma pa pepala umboni uchokere m'buku. Funso la Kino liyankhidwe ndi zochita za Kino. Pokhapokha funso litanena lokha kuti mufanizire ndi moyo wa masiku ano, pamenepo ikanipo chiganizo chimodzi kapena ziwiri, mutamaliza kupereka za m'buku.

Mu Macbeth, kodi si afiti aja amene analakwitsa zonse? Bwanji aphunzitsi amakana ndikalemba choncho?

Pa funso ili m'kalasi mumatentha, chifukwa ambiri timabwera ndi yankho lathu kuchokera kunyumba: munthu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, amulodza. Ndiye wophunzira amalemba kuti Macbeth anali munthu wabwino, afiti anamuzunguza mutu, basi nkhani yatha.

Bwererani ku gawo loyamba la chisudzocho muone chimene afitiwo ananena. Anamulonjera ndi maudindo atatu, lomaliza n'lakuti adzakhala mfumu. Za kupha sanatchule. Ganizo lakupha linabwera m'mutu mwa Macbeth mwini, pomwepo, asanaonane n'komwe ndi mkazi wake, ndipo iye yekha akuvomereza kuti likumuopsa. Chachiwiri, sanali yekha. Banquo, msilikali mnzake, anali pambali pake, nayenso analoseredwa kuti ana ake adzakhala mafumu, koma sanasolole mpeni. Anachenjeza mnzakeyo kuti mizimu yoipa imatha kukuuza zoona zazing'ono kuti ikugwetse pa zazikulu. Anthu awiri amva ulosi tsiku limodzi, wina wapha, wina sanaphe. Shakespeare anamuikiranji Banquo pamenepo ngati si kuti tione kusiyanako?

Izi sizikutanthauza kuti zamizimu si mfundo ya m'chisudzochi. Ndi mfundo ndithu, ndipo anthu a nthawi imeneyo ankaopa ufiti kwambiri. Mfumu James, imene inkalamulira pamene chisudzochi chinkalembedwa, inali italemba yokha buku la za ufiti mu 1597. Afiti akumunyengadi Macbeth m'gawo lachinayi pomuuza kuti palibe wobadwa mwa mkazi angamuphe, ndiponso kuti sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itayenda. Zonse ziwiri zikukwaniritsidwa mwa njira imene iye sanaiganizire: asilikali akudula nthambi n'kubisalamo poyenda, ndipo Macduff, amene anadzamupha, anachita kutulutsidwa m'mimba mwa mayi ake nthawi isanakwane. Yankho lokhwima limagwira mbali zonse ziwiri: afiti anakolezera moto, koma nkhuni zinali kale mumtima mwa mwini wake. Lembani zimenezo ndi umboni uli pamwambawu, muone ngati aphunzitsi akanenso.

Nanga ndingalembe kuti chisudzochi chikuonetsa kuti akazi ndiwo amagwetsa amuna?

Anyamata amalikonda yankho limeneli, koma silipirira mafunso. N'zoona kuti Lady Macbeth anakakamiza mwamuna wake kupha Duncan, mpaka kumunyoza kuti si mwamuna. Nanga Banquo anamuphetsa ndani? Macbeth yekha, mkazi wake osamuuza n'komwe. Mkazi wa Macduff ndi ana ake? Yekhanso. Pamene mwamunayo akuzolowera magazi, mkaziyo akusweka mumtima mpaka kufa. Ndipo mu The Pearl, Juana, mkazi wa Kino, ndiye anaona msanga kuti ngale ija iwononga banja, nayesa kukaitaya m'nyanja usiku, Kino n'kumumenya. Mfundo imene ikugwa mukangotsegula tsamba lotsatira si yoti muidalire pa mayeso.

Ndime yabwino yosanthula mfundo imaoneka bwanji?

Imayamba ndi chimene mukunena, kenako chochitika cha m'buku, kenako kufotokoza mmene chochitikacho chikutsimikizira zimene mwanenazo. Mbali yachitatuyi ndi imene ambiri amaidumpha. Nachi chitsanzo, pa funso lakuti "Fotokozani mmene umbuli ukuzunzitsira anthu osauka m'bukuli":

"Kusaphunzira kukuchititsa Kino kugonjera anthu amene iye akuwakayikira. Mwana wake Coyotito atalumidwa ndi chinkhanira, dokotala anakana kumuona chifukwa makolo ake analibe ndalama. Atangomva za ngale, dokotala yemweyo anabwera yekha kunyumba, mwanayo atayamba kale kupeza bwino, n'kunena kuti ululu ukhoza kubwereranso. Anam'mwetsa mankhwala a ufa woyera, mwanayo anadwaladi, ndipo dokotalayo anabweranso kudzamuchiza. Kino akukayika kuti mwina mankhwalawo ndiwo adwalitsa mwana, koma sangatsutse chifukwa sadziwa zimene zili m'mabuku a udokotala. Ichi n'chifukwa chake pa zonse zimene akulakalaka, chachikulu n'chakuti Coyotito adzapite kusukulu, kuti banjalo lidzathe kudziwa lokha zoona ndi zabodza."

Onani kuti ndimeyi sinafotokoze mmene ngale inapezekera, kapena za bwato, kapena za ulendo wothawa. Yatenga zokhazo zimene funso likufuna. Ndime zitatu kapena zinayi zotere, chiyambi cha mizere iwiri ndi mathero aafupi, chimangirizo chakwana. Pa mayeso a Chingerezi mulemba m'Chingerezi, koma kamangidwe n'komweka.

Kodi ndiyenera kuloweza mawu enieni a m'buku?

Ochepa, aafupi, amene mukuwamvetsa. Kulemba mawu olakwika n'kuwaika m'zizindikiro za mawu a mwini n'koipa kuposa kungofotokoza m'mawu anu. Chimene simungachitire mwina n'kudziwa mayina a atengambali ndi kalembedwe kake, ndiponso ndani anachita chiyani. Kusokoneza Macduff ndi Malcolm kumagwetsa ndime yonse.

Aphunzitsi amati tiziyang'ana ziphiphiritso. Zimathandiza chiyani pa mfundo zazikulu?

Chinthu chikamabwerabwera m'buku, mlembi akukukodolani. Mu Macbeth tsatirani magazi ndi manja. Atangopha Duncan, Macbeth akuyang'ana manja ake n'kunena kuti ngakhale nyanja yonse singawayeretse. Mkazi wake akumuseka, akuti timadzi pang'ono tikwanira. Pofika gawo lachisanu, ndi mkazi yemweyo amene akuyenda ali m'tulo, akupukuta manja osaleka, akudandaula kuti fungo la magazi silikuchoka, dokotala ndi mdzakazi akumuonerera. Mukaika malo awiriwa pamodzi, mfundo ya chikumbumtima mwaigwira kale, ndipo mwaonetsanso kuti awiriwa asinthana malo.

Chenjezo lake n'lakuti chiphiphiritso chimatha kusintha tanthauzo nkhani ili m'kati. Ngale ya Kino pachiyambi ndi sukulu ya mwana, ukwati wa kutchalitchi ndi mfuti. Pamapeto, akaiyang'ana akuonamo mwana wake atawomberedwa. Wolemba kuti "ngale ikuimira chuma" n'kulekera pomwepo wanena theka.

M'ndakatulo ndiye ndimasochera kwambiri. Bwanji alakatuli sangonena zimene akufuna?

Ena n'chifukwa cha luso chabe, monga mmene akuluakulu amakondera mwambi pa mlandu. Koma kwa alakatuli ambiri a ku Malawi panalinso chifukwa china. Kuyambira 1968 kunali lamulo lounika mabuku, ndipo mawu olunjika akanatha kukutsekeretsa. Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu, nakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991. Choncho alembi a nthawi imeneyo ankabisala kuseri kwa nyama, nthano ndi zachilengedwe. Steve Chimombo anagwiritsa ntchito Napolo, amene ife a m'tsinde mwa phiri sitichita kufunsa kuti ndi ndani: tinamva za ku Phalombe mu 1991, ndipo tinadzionera tokha nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Chinthu chotsika kuphiri usiku, chosakanizika, chokokolola midzi, anthu n'kumangonong'onezana za icho. Mukadziwa zaka zimene ndakatulo yotere inalembedwa, mudzifunse ngati mlakatuliyo akunena za madzi okha.

Pochita, werengani ndakatuloyo mokweza kawiri. Pezani amene akuyankhula ndi amene akuyankhulidwa. Woyankhulayo si mlakatuli nthawi zonse. Kenako funsani ngati akudandaula, akunyoza, akuyamikira kapena akulira. Mfundo imabisala pamenepo. Zina zonse ndi monga tanenera pa funso la kupeza mfundo popanda manotsi.

Mabuku a Chichewa ndi osavuta, si choncho? Ndingawasiye n'kulimbikira a Chingerezi?

Maganizo amenewa agwetsa ambiri. Kumva chiyankhulo si kusanthula buku. Komanso ambiri kuno tinakulira m'nyumba zoyankhula Chilhomwe, Chimang'anja kapena Chiyao pamodzi ndi Chichewa cha pamsika, pamene buku ngati Nthondo lili m'Chichewa chakale cha m'chigawo chapakati, chodzaza ndi miyambo ya kumeneko. Pali mawu amene mudzafunika kufunsa.

Nthondo analemba ndi Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa mabuku a m'ziyankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Likutsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa: ubwana wosamvera, kuba, ulendo wokasaka ntchito kutali, ufumu, ndi kutembenuka mtima. Wophunzira wamba amalemba kuti mfundo yake ndi "Chikhristu chimasintha munthu," ndipo sanalakwe. Wophunzira wakuthwa amafunsanso kuti: wolembayo anali ndani, ankalembera ndani, ndipo miyambo ya makolo akuionetsa motani? Pali pamene akuifotokoza mwaulemu ndi mwatsatanetsatane ngati munthu wosafuna kuti iiwalike, pali pamene akuiweruza ndi maso a mishoni. Kukokanakokana kumeneko pakati pa mwambo ndi chipembedzo chatsopano ndi mfundo payokha, ndipo ndi yokoma kuilemba kuposa yoyamba ija.

Za ulendo wokasaka ntchito, funsani agogo aamuna a m'mudzi mwanu amene anapitako ku Halale kapena ku migodi ya ku Joni pa Wenela. Adzakuuzani zimene ulendo wotere unkachita kwa munthu ndi kwa banja lotsala.

Manotsi ogula, a pa WhatsApp, mafilimu ndi zofunsa pa intaneti, n'zololedwa?

Palibe amene angakuletseni, koma dziwani malire ake. Timabuku ta manotsi tina n'tabwino, tina tinalembedwa mothamanga ndi anthu ongokopera anzawo, zolakwika n'kumayenda kuchoka pa foni kupita pa foni. Vuto lalikulu n'lakuti kalasi yonse imaloweza ziganizo zofanana, ndiye funso likangopotozedwa pang'ono, onse amayankha funso la chaka chatha. Mapulogalamu a pa foni oyankha mafunso nawo amatha kupeka chochitika chimene m'buku mulibe, n'kuchinena molimba mtima. Chilichonse chimene mwapeza kunja, kachipezeni pa tsamba la buku musanachikhulupirire.

Filimu ya Macbeth imathandiza kwambiri kumva mmene mawu aja amayankhulidwira, pakuti chisudzo anachilembera kuonera. Koma opanga mafilimu amadula ndi kusintha zina. Mayeso a MANEB amachokera m'buku.

Pasukulu pathu buku ndi limodzi pa ophunzira ambiri, ndipo salola kupita nalo kunyumba. Titani?

Ili ndi vuto lenileni m'masukulu ambiri a CDSS, ndipo si inu munalipanga. Chimene ndaona chikugwira ntchito ndi gulu la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, lokumana masana mukaweruka. Mmodzi awerenge mokweza, ena amvetsere, mukamaliza mutu uliwonse mutseke buku n'kukambirana m'Chichewa zimene zachitika. Musachite manyazi kukambirana buku la Chingerezi m'chiyankhulo chanu. Kumvetsa kuyambe, Chingerezi chibwera polemba. Chisudzo ndiye gawanani mbali n'kuchisewera pansi pa mtengo. Amene anakhalapo Lady Macbeth kwa mphindi khumi saiwala zimene ananena.

Aliyense akhale ndi kope lakelake la umboni. Tsamba lililonse mfundo imodzi pamwamba, m'munsi mwake zochitika, dzina la wochita, ndi mutu kapena gawo pamene zikupezeka. Mukamawerenga n'kukumana ndi chochitika choyenera, mukachilembe pa tsamba lake. Chochitika chimodzi chikhoza kulowa pa masamba awiri kapena atatu, ndipo zotero ndizo zamtengo wapatali chifukwa zimayankha mafunso ambiri. Pofika nthawi ya chiperoni, mayeso ali pakhomo, kope limeneli ndilo buku lanu.

Atsikana oyendera, amene mukafika kunyumba mumapeza mtondo, madzi ndi nkhuni zikukudikirani, limbikirani kuti gululo lizikumana kusukulu komweko musananyamuke.

Ndikaona mosiyana ndi aphunzitsi, ndilembe zanga kapena zawo?

Ngati muli ndi umboni wa m'buku, lembani zanu. Mwachitsanzo, ena amati Kino anaonongeka ndi dyera lake. Ena amati zimene ankafuna, sukulu ya mwana ndi ukwati wodalitsidwa, si dyera ayi, ndipo olakwa ndi amene anamutsekera njira zonse: anabowola bwato lake, anatentha nyumba yake, anamutumira omusaka. Mbali zonse ziwiri zili ndi poimira. Ine ndimapendekera ku yachiwiri, ngakhale sindingaiwale kuti anamenya Juana pofuna kuteteza ngaleyo. Chimene sichiloledwa ndi maganizo opanda chochitika chowachirikiza, kapena otsutsana ndi zimene zalembedwa poyera.

M'kalasi funsani mwaulemu: "Aphunzitsi, nanga pa tsamba ili pamene akuti chakuti, tingakuone bwanji?" Mphunzitsi wokonda ntchito yake amasangalala ndi funso lotere. Ndipo samalani ndi kafunsidwe ka pa mayeso: funso likati "onetsani mmene dyera laonongera Kino," yankhani zimenezo, mtsutso wanu muusunge kapena muuike m'chiganizo chimodzi kumapeto.

Ndine kholo, sukulu sindinapite nayo patali. Mwana wanga ndingamuthandize bwanji pa zimenezi?

Mayi kapena bambo, mungathe kwambiri. Madzulo muuzeni akufotokozereni nkhani ya m'buku lake m'Chichewa. Akamaliza, mufunseni mmene mumafunsira pa mlandu wa pabwalo: wolakwa ndani pamenepa? Ukutero chifukwa chiyani? Anachita chiyani chimene iwe unachiona? Nanga winayo akanati chiyani? Mukamukana pang'ono kuti adziteteze ndi umboni, mwamuphunzitsa zimene woyesa akufuna. Chinanso ndi nthawi ndi kuwala: ola limodzi lopanda kutumidwa, ndi tochi kapena nyale ya sola yoti awerengere.

M'chipinda cha mayeso, ndiyambire pati?

Werengani funso kawiri, mudule mzere pansi pa mfundo imene yafunsidwa, dzina la buku, ndi chiwerengero cha mfundo zimene akufuna. Akati zinayi, perekani zinayi. Yachisanu ikungokudyerani nthawi. Musanayambe chimangirizo, lembani pambali mawu awiri atatu okukumbutsani chochitika cha ndime iliyonse, ndipo muyambe ndi chimene mukuchidziwa bwino kwambiri. Pa mafunso amene akupatsani kachidutswa ka m'buku, yambani mwazindikira amene akuyankhula, akuyankhula ndi ndani, ndiponso chimene changochitika kumene. Yankho la mfundo lichokere m'kachidutswako musanapite kwina. Yang'anani malikisi a funso lililonse kuti mudziwe kutalika kwa yankho, ndipo siyani mphindi zisanu zowerenganso mayina a atengambali.